Mbereko Yolumikiza

Mwana wathu womaliza anabadwira kuno ku Joni, ine imvi zitayamba kale kutuluka m'ndevu. Akulu ake awiri, mnyamata ndi mtsikana, anabadwira kumudzi ku Dedza ine ndili kuno. Ndinkawaona pa Khirisimasi pokha. Ndikafika ndinkapeza wina akukwawa. Chaka chotsatira ndinkamupeza akuthamanga, n'kumandibisalira kumbuyo kwa amayi ake. Choncho ngakhale ndinali bambo wa ana awiri, ndinali ndisanakhalepo ndi khanda tsiku lathunthu.

Ndine telala. Timakhala ku Troyeville, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu, ndipo makina anga amakhala pafupi ndi zenera la chipinda chakutsogolo. Mkazi wanga ananditsatira kuno ana aja atasinkhuka, n'kuwasiya m'manja mwa amayi ake. Anafunafuna ntchito zaka zitatu. Pomaliza anapeza yophika kunyumba ina yosungirako okalamba, ulendo wa matakisi awiri. Ntchitoyo ankaikonda. Madzulo ankabwera ndi nkhani za agogo ena amene amabisa mabisiketi m'sokosi, ndi ena amene sadya mpaka wophikayo abwere adzawapatse moni.

Mwana atabadwa, mkazi wanga anapatsidwa tchuthi cha miyezi inayi. Anamuuza mosabisa kuti pamalo pake aikapo wogwirizira, ndipo akadzapanda kuoneka Lolemba limene anagwirizana, wogwirizirayo adzakhazikika.

Tinakambirana. Ine ndimagwirira ntchito pakhomo, ndiye mwana azitsala ndi ine. Amayi ake azifinya mkaka, tizisunga mufiriji, ine ndizimumwetsa ndi botolo. Pakamwa zinali zophweka. Tinapatula milungu iwiri yoti mwana azolowere, ndipo ine mumtima ndinkati milungu iwiri yachuluka.

Kukiliniki anatipatsa kapepala. Ndinakawerenga kawiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Panali chithunzi cha bambo wina atakhala pampando wandalema, mwana atagona pamtsamiro pamiyendo pake, onse awiri akumwetulira. Ndinachita zonse monga mwa kapepalako. Botolo ndinaliwiritsa. Ndinasamba m'manja mpaka m'zigongono, ndinavala malaya osita, ndinakhala pampando wa makasitomala msana uli chilili. Mkaka ndinaudonthezera padzanja kuti ndimve kufunda kwake. Kenako ndinati, "Bweretsani mwana."

Mwanayo, kamtsikana ka maso aakulu, anayang'ana kamphira ka pabotolo, nayang'ana ine, n'kutseka pakamwa. Sindinkadziwa kuti munthu wopanda mano angathe kutseka pakamwa molimba chotero. Nditakhudzitsa kamphirako pamlomo wake, anapotoza khosi, nakunga msana, n'kulira kulira koti agalu a nyumba yoyandikana nayo anayankha.

Amayi ake anali kuseri kwa chitseko. Sanathe mphindi ziwiri.

"Bwera nayeni kuno."

"Kapepala kakuti tipirire."

"Kapepalako kakumva mmene akuliriramu? Bwera nayeni kuno, bambo a mwana."

Masiku otsatira ndinaganiza kuti vuto ndi kamphira. Ndinagula kena kofewa, kena kakafupi, kena kophwatalala kamene wogulitsa analumbira kuti sikasiyana ndi bere. Pofika kumapeto kwa mlungu woyamba, pazenera panali timphira tisanu ndi tiwiri, nditatindandalika kuyambira kakang'ono monga ndimachitira ndi ulusi. Kumapeto kwa buku langa la miyezo ndinkalemba nthawi, kamphira kamene ndayesa, ndi zotsatira zake. Mzere wa zotsatirawo unali ndi mawu amodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi: wakana.

Tinayesa sipuni. Mkaka unathera m'khosi mwa malaya. Tinayesa kuti amayi ake atuluke. Anakaima pageti, koma kulira kunkafika pagetipo, ndipo ndisanatembenuke ndinkawapeza ali kale m'nyumba akumasula bulauzi.

Alangizi sanasowe. Eni nyumba anati timusiye ndi njala, akatopa adzamwa yekha. Ndinayesa m'mawa umodzi. Atalira ola lathunthu ndinayamba kumugwiragwira paliwombo kuona ngati lalowa, ndipo ndinagonja ndine. Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, anamva nkhaniyi pafoni ali ku Dedza.

"Mukuti mwana wanga mukumukama?" anafunsa motero. "Ngati ng'ombe?"

"Akufinya okha, amayi."

"N'kuika mufiriji pamodzi ndi ndiwo?"

"M'kabotolo kotseka bwino, amayi."

"Ha! Kujoni kuli zinthu. Mpatseni phala mwanayo, muleke kuvutika."

Ndinawayankha mwaulemu kuti anamwino aletsa phala mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Iwo anati anamwinowo analeredwa ndi phala lomwelo.

Lachisanu la mlungu wachiwiri, kutatsala masiku atatu, ndinapeza mkazi wanga atatulutsa epuloni yake yoyera ya kuntchito. Anaiyala pabedi, naiyang'ana kanthawi. Kenako anaipinda, naibwezera m'sutikesi, n'kukankhira sutikesiyo kunsi kwa bedi.

"Ndingowaimbira kuti asandidikire," anatero.

"Dikirani lifike Lamlungu."

"Lamlungu mudzachita chiyani chimene simunachite?"

"Sindikudziwa."

Ndinakumbukira zaka zitatu zija, mmene ankadzukira m'mamawa ndi mapepala ake m'chikwama cha pulasitiki, n'kubwera madzulo mapazi atatupa. Tsiku limenelo ndinasoka zipi ya thalauzi mozondotsa, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chiphunzirireni ntchito.

Loweruka m'mawa magetsi anazima. Makina atangokhala chete, ndinatulutsa mpando pakhomo n'kumapinda miyendo ya thalauzi ndi singano yapamanja. Mkazi wanga ankachapa pampopi wa pabwalo, mwana ali kumsana, uku akucheza ndi eni nyumba m'Chizulu chake chothyokathyoka. Mwana anayamba kusisita nkhope pamsana wa amayi ake ndi kudandaula pang'onopang'ono. Amayi akewo sanacheuke n'komwe. Anapukuta manja m'chitenje, anakhwefula mfundo ya mbereko, anagwetsa phewa lamanzere, ndipo mwana anatsetsereka kudzera kukhwapa mpaka kufika pachifuwa. Chimene ndinaona n'chakuti pakamwa pake panatseguka akadali panjira. Asanafike, asanaone bere, anali atayasamula kale ngati kamwana ka mbalame.

Macheza a pampopi sanaduke ngakhale pang'ono.

"Taimani," ndinatero. "Bwerezaninso."

"Ndibwereze chiyani? Mwana akuyamwa."

Ndinaika singano pansi. Tsiku lonselo ndinangokhala ndikuonerera, mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati ndayamba kumuona lero. Kasanu konse zinachitika chimodzimodzi: pochapa, posesa, podula anyezi, poyankha foni. Mwana ankachokera kumsana, kudzera kukhwapa, n'kufika pachakudya chake, amayi ake ali chiimire, maso ali kwina.

Madzulo ndinati, "Mwanayu masana sanadyepo ali pampando. Sanadyepo munthu akumuyang'anitsitsa kumaso ngati wapolisi. Chakudya chake chimayambira kumsana."

"Ndiye mukuti bwanji? Mumuika kumbuyo inuyo?"

"Eya."

Anaseka mpaka anakhala pa ndowa yovundikira. Mwana naye anasiya kuyamwa n'kumamuyang'ana.

Sindinamudabwe. Kwathu mwamuna amanyamula mwana m'manja, kapena kumukweza paphewa popita kumsika. Mbereko ndi ya akazi. Mwamuna akaoneka atamanga chitenje pachifuwa, mwana ali kumbuyo, anthu amayamba afunsa ngati mkazi wake ali m'chipatala. Akamva kuti ali bwinobwino, amati basi, anamudyetsa kondaine. Bambo anga sindinawaonepo atagwira mbereko ngakhale poichotsa pachingwe mvula ikubwera.

Atatha kuseka anapukuta misozi nati, "Koma mwana wanga simuphunzirira. Tengani thumba la ufa."

Tinayamba ndi thumba la ufa la makilo asanu. Anandiweramitsa, nandisanjika thumbalo pamsana, naponya mbereko pamwamba pake. Nsonga ina inadzera paphewa, ina kukhwapa. Pofuna kumanga, nsonga ziwirizo zinangopsompsonana, mfundo osatheka.

"Mimba imeneyo," anatero mkazi wanga.

"Si mimba. Ndi chifuwa."

"Chifuwa chimafika pa lamba?"

Ndinatenga tepi n'kuyeza. Panaperewera chikhatho chimodzi ndi theka. Iyi tsopano inali ntchito yanga. M'dengu la zidutswa ndinapeza nsalu yotuwa yotsala pa suti ya mkulu wina wa mpingo, yolimba bwino. Magetsi atayaka ndinailumikiza kunsonga kwa mbereko, msoko wake ndinaubwereza kawiri. Mbereko yamaluwa ofiira ndi achikasu inakhala ndi mchira wa suti.

Nditamaliza ndinati ndiichape ndi kuisita, poti inali ndi madontho a mkaka ndi dovu. Mkazi wanga anandilanda.

"Musayerekeze! Fungo langa lili momwemo. Inu ndi sopo wanuyo ndi amene mwakhala mukumuthawitsa mwanayu. Mumanunkhira ngati kukiliniki."

Zimenezo sindinaziganize. Ndinabwezera sopo pamalo pake.

Thumba la ufa linagwa kawiri. Kachitatu linaphulika pangodya, ufa n'kundithira m'khosi. Eni nyumba anaimirira pakhomo pawo manja ali m'chiuno, akupukusa mutu ndi kuitana Mulungu m'chinenero chawo. Koma tisanagone ndinali nditadziwa kukhwefula mfundo osaimasula, kugwetsa phewa, ndi kulandira thumbalo ndi mkono wamanzere likamatulukira kukhwapa.

Lamlungu tinagwirizana kuti mkazi wanga apite yekha kutchalitchi. Timapemphera m'holo ina ku Berea, kutali kokwanira kuti kulira kusafike. Anayamwitsa mwana cha m'ma seveni, nandithandiza kumukhazika kumsana kwanga, namanganso mfundo imene ndinali nditamanga kale.

"Akalira kwambiri muimbe."

"M'tchalitchi foni amazimitsa."

"Yanga sindizimitsa."

Anabwerera kawiri asanafike pageti. Kachitatu anapitadi.

Mwana si thumba la ufa. Amafunda, amapuma, ndipo amagwira. Ndinamva timanja take tikukoka kolala ya malaya anga, kenako tsaya lake linagona pakati pa mapewa. Sanalire. Ndinayendayenda pabwalo, ndinathirira tomato wa eni nyumba, ndinasesa ulusi pansi pa makina, zonsezi ndikuyenda ngati ndasenza mazira. Cha m'ma teni ndinafunditsa mkaka m'kapu ya madzi otentha, botolo n'kuliika m'thumba la malaya.

Pomwepo pageti panagogoda munthu. Anali mnzanga wina wa ku Mangochi amene amagulitsa nsapato m'tauni. Anandisiyira mkanjo wake kuti ndiufupikitse, ndipo poti iye amapemphera Lachisanu, Lamlungu ndi tsiku lake loyendera anthu. Ndinaganiza zokhala chete kuti ayese kulibe munthu. Koma anali atandiona kale pampata wa geti.

Analowa, naima, nandizungulira kamodzi.

"Achimwene," anatero, "alamu ali m'chipatala?"

"Ali kutchalitchi."

"Basi, zatheka. Anakuthirirani mu tiyi kapena m'ndiwo?"

"Mkanjo wanu ndaufupikitsa kale. Uli pa hang'ala."

"Mkanjo udikire. Taimani bwino ndijambule, a ku Dedza aone mmene Joni yathera mwana wawo."

"Jambulani, koma mutsitse mawu."

Anajambula kutsogolo, najambula kumbuyo, najambulanso mchira wa suti uja payekha. "Ine ana asanu," anatero, "koma chitenje sichinandikhudzepo."

Ndisanayankhe ndinamva nkhope ya mwana ikusisita msana wanga. Kenako kudandaula kuja kunayamba. Ndikanakonda kuti zichitike popanda mboni, koma mwana sasankha nthawi.

"Gwirani ili," ndinatero, n'kumupatsa botolo. "Ndikati tsopano, mundipatsire kunsi kwa nsalu."

"Ine?"

"Palinso wina?"

Ndinakhwefula mfundo. Ndinawerama pang'ono, ndinagwetsa phewa lamanzere. Mwana anayamba kutsetsereka, koma atafika pachigongono anakodwa, mwendo wina utatsalira kumbuyo.

"Mutu, achimwene, mutu!" anakuwa mnzanga uja, kuseka konse kutatha. "Pang'onopang'ono! Kwezani mkono!"

Ndinakweza mkono. Mwana anatulukira pachifuwa panga, ndipo pakamwa panali potsegula. Anafufuza m'malaya anga uku ndi uku, napeza batani, nayamba kuliyamwa.

"Tsopano."

Botolo linabwera kunsi kwa nsalu. Ndinachotsa batani, n'kuikapo kamphira, kaja koyambirira kamene tinagula tisanagule tinzake tonse. Mwana anaima. Anakweza maso nandiyang'ana, atakwinya nkhope ndendende ngati apongozi anga. Anakankha kamphirako ndi lilime. Ndiye ndinakumbukira za pampopi paja. Ndinachotsa maso pa iye n'kuyang'ana mnzangayo.

"Lankhulani," ndinatero.

"Ndilankhule chiyani?"

"Chilichonse. Musamuyang'ane mwanayu. Muziyang'ana ine."

Munthu amene pakamwa pake sipauma anayang'ana kumwamba, nayang'ana tomato. Kenako anayamba kundifotokozera za ulendo wake womaliza wa kumudzi, mmene basi inafera pakati pa Mozambiki, ndi mmene mayi wina anatsegulira katoni ya nkhuku zowotcha n'kudyetsa basi yonse. Ine ndinkavomera, "Eya, eya," uku ndikugwedezeka pang'ono monga amachitira amayi ake. Nkhani itafika pa makaniko amene anabwera pa njinga, ndinamva botolo likukokedwa m'dzanja langa. Kenako kaphokoso kakang'ono, kobwerezabwereza, ka munthu amene akumeza.

Mnzanga anasiya nkhani pakati. "Akumwa," ananong'ona.

"Musamuyang'ane. Makaniko anatani?"

"Makaniko... achimwene, akumwadi! Thovu likukwera m'botolomo!"

"Makaniko anatani?"

Anamaliza nkhani ya makaniko monong'ona, maso ali kudenga la nyumba, manja atawakweza m'mwamba ngati wina wamuloza ndi mfuti. Mwana anamwa kupitirira theka. Kenako kamphira kanapulumuka pakamwa pake, mkaka pang'ono unatsikira kuchibwano, ndipo anagona. Ndinamuimika paphewa mpaka anageya. Mnzanga uja anatuluka pageti monyang'ama. Mkanjo anauiwala.

Mkazi wanga sanadikire zolengeza za kutchalitchi. Anafika thukuta lili kumaso, kutsogolo kwa bulauzi kutanyowa. Anayang'ana mwana ali m'tulo kumsana kwanga, nayang'ana botolo lili pathebulo la makina. Analinyamula, naliyang'anitsitsa kuwala kwa pazenera.

"Mwataya?"

"Wamwa."

"Osanama, bambo a mwana. Lero ndi Lamlungu."

"Wamwa. Mboni ilipo, ya ku Mangochi."

Anakhala pampando wa makasitomala. "Sanalire?"

"Pang'ono."

Anatembenuza botolo m'manja. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye sanandifune?"

"Anakufunani. Anafufuza malaya onsewa. Anangopeza batani."

Anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anamasula mwana kumsana kwanga, namudzutsa dala, namuyamwitsa nthawi yaitali ngakhale mwanayo sanali ndi njala kwenikweni. Atamaliza anagwada, nakoka sutikesi kunsi kwa bedi, natulutsa epuloni ija n'kundiponyera.

"Sitani. Izi ndiye mungathe kuchapa ndi kusita mmene mukufunira."

Lolemba anatuluka kusanawale bwino kukakwera takisi yoyamba. Sindinganene kuti tsikulo linayenda myaa. Botolo la m'mawa mwana analikana kawiri, ndipo popanda wa ku Mangochi ndinachita kucheza ndi wailesi. Koma anamwa. Masana foni inalira kanayi ine manja onse ali otanganidwa. Mkazi wanga ataona kuti sindikuyankha anaimbira eni nyumba, amene anabwera kudzasuzumira pazenera n'kumafotokoza zonse pafoni mofuula ngati wolengeza mpira, mpaka mwana anasiya kumwa kuti amvetsere.

Miyezi yotsatira ndinkasoka mwana ali kumsana. Kulira kwa makina kunkamugoneka msanga kuposa nyimbo. Makasitomala anazolowera kuyezedwa m'chiuno maso awiri aakulu akuwasuzumira paphewa langa. Ena ankaseka, ena ankandipatsa moni wa amayi. Ndinkangofunsa ngati thalauzi akulifuna lopinda kapena losapinda.

Chithunzi chija chinafika ku Dedza mlungu usanathe. Apongozi anaimba foni, ndipo ndinaima chilili poyankha, ndikudikira mawu. Anayamba ndi moni wautali. Kenako anati, "Ndaona chithunzi."

"Eya, amayi."

"Mfundoyo mukumanga m'munsi kwambiri. Mwana apweteka khosi. Muzikweza."

"Ndamva, amayi."

Atatero anapatsira foni mwana wanga wamwamuna, amene nthawi imeneyo anali ku sekondale. Anaseka kaye, kenako anafunsa, "Ababa, ine munayamba mwandiikapo kumbuyo?"

"Ayi."

"Chifukwa chiyani?"

"Sindinkadziwa kumanga."

Zinali zoona, ngakhale sizinali zonse. Iye anangoti, "Chabwino," n'kuyamba kundiuza za mayeso.

Mkazi wanga akuphikabe kunyumba ya okalamba ija. Tsopano ndiye amalandira ophika atsopano ndi kuwauza agogo amene sadya asanapatsidwe moni. Timphira tisanu ndi kamodzi tija tinapatsa ena tili tatsopano. Mwana uja ali ndi zaka zisanu, amadya chilichonse, pampando kapena chiimire, ndipo mbereko ija amaberekera chidole chake. Tsiku lina anaitambasula pansi, naloza nsalu yotuwayo, nafunsa chifukwa chake maluwa sanafike kumapeto.

"Funsa mimba ya bambo ako," anatero amayi ake, akumanga epuloni m'chikwama.

Ndinaimitsa makina. "Ndi chifuwa," ndinatero.